Ubongo ukatupa, chigaza sichitanuka

Tiyerekeze kuti mnzanu wagwa pa njinga yamoto ya kabaza, analibe chipewa chodzitetezera, ndipo pano sakutsegula maso ngakhale mumuitane mokuwa. Zoopsa sizinathere pamsewupo ayi. M'maola ndi masiku otsatira, ubongo wovulala umayamba kutupa. Bondo likatupa, khungu limatanuka n'kupereka malo, koma chigaza ndi fupa. Ubongo umapanikizika, magazi amalephera kufika bwinobwino, ndipo munthu amene anapulumuka pangozi amatha kutisiya tsiku lachitatu.

Nanga madokotala amadziwa bwanji kuti m'katimo zafika pati?

Njira yakale ndi yoboola chigaza n'kulowetsa kachubu mpaka m'timapanga tosunga madzi pakati pa ubongo. Dokotala wa ku Sweden, Nils Lundberg, ndiye anaitchukitsa mu 1960, ndipo masiku ano amaitcha EVD. Ubwino wake ndi woti kachubuko kamayeza komanso kamatulutsa madzi ena, ubongo n'kupezako mpata. Koma ndi khomo lotsegukira tizilombo, kamatha kuyambitsa kutaya magazi, ndipo ubongo ukatupa kwambiri timapangato timafinyika moti kulowetsa kachubuko kumavuta.

Njira ina ndi ya kawaya kopyapyala kamene amakalowetsa pang'ono mu ubongo weniweniwo. Kuika kwake n'kosavuta ndipo matenda salowerapo kawirikawiri, koma ntchito yake n'kungoonetsa nambala basi, madzi sikatulutsa. Ndi kodulanso. Pa njira zonse ziwirizi, malangizo a bungwe la Brain Trauma Foundation a mu 2016 amati nambala ikapitirira 22 mmHg, madokotala achitepo kanthu.

Chimene chinandidabwitsa ine ndi kafukufuku wotchedwa BEST TRIP, amene anatuluka mu 2012. Anachitikira m'zipatala za ku Bolivia ndi Ecuador pa odwala 324. Ena anawaika kawaya kaja. Ena ankangowajambula m'mutu ndi makina a CT n'kumawayeza pafupipafupi: kuwaunika m'maso, kuona ngati akumva kuwawa, ngati akugwedeza dzanja. Patatha miyezi 6, panalibe kusiyana kwenikweni pa kuchira kapena kumwalira.

Ena anathamangira kunena kuti kawayako n'kopanda ntchito. Ine sindikuona choncho. Gulu lachiwiri lija silinangosiyidwa, linali m'chipinda cha odwala mwakayakaya, likulandira mankhwala ochepetsa kutupa, maso a anamwino ali pa iwo usana ndi usiku. Kumeneko kunalinso kuyeza, kungoti kumafuna anthu okwanira ndi makina a CT amene akugwira ntchito, zinthu zimene kwathu kuno sizipezeka paliponse.

Ndiye mukadzakhala pa gadiyani n'kuona namwino akubwerabwera ndi tochi kudzakanula maso a wodwala wanu pakati pausiku, musadzanene kuti akumusokoneza tulo. Akuona ngati kamwanadiso ka mbali imodzi kakula n'kusiya kuchepa kakaunikidwa, chizindikiro choti aitane dokotala nthawi yomweyo.