Namkungwi Naye Ayambe Walangizidwa

Pa Yunivesite ya Dar es Salaam, imene inaima payokha m'chaka cha 1970, ntchito yofufuza Chiswahili ili ndi mizu yakuya: komiti imene inabala bungwe lake inayamba mu 1930, ndipo Kamusi ya Kiswahili Sanifu inasindikizidwa mu 1981. Koma pamene akatswiri a pomwepo anatulutsa buku la mapu a ziyankhulo za m'Tanzania mu 2009, zinaonekera poyera kuti dzikolo lili ndi ziyankhulo zoposa 100 zofuna ofufuza. Nanga ophunzira a digiri ya PhD amene asenze ntchitoyi adzawatsogolera ndani?

M'masukulu athu ambiri, munthu akangolandira digiriyi, maŵa lake amapatsidwa wophunzira woti amuyang'anire. Ife tikuti kulemba kafukufuku wako ndi kuwongola wa mnzako ndi maluso aŵiri osiyana. Taonani nkhani ya kukwera ndi kutsika kwa liwu. Chiswahili sichisiyanitsa matanthauzo m'njira imeneyi, pamene Chihaya ndi Chisukuma zimatero, monganso Chicheŵa chimasiyanitsira mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika. Mlangizi amene khutu lake linazoloŵera Chiswahili chokha angathe kuvomereza mutu wonse wolakwika osazindikira kanthu, ndipo cholakwacho nkudzaloŵa m'madikishonale ndi m'mabuku a ana.

Msonkhano wa masiku atatu m'holo sungachize vuto lotere. Mphunzitsi watsopano ayambe wathandizana ndi mlangizi wakale kuyang'anira wophunzira mmodzi, apite nawo kumidzi ya ku Bukoba kapena ku Mwanza, amvetsere limodzi mau ojambulidwa kwa eni chiyankhulo, asanapatsidwe wophunzira wakewake.