Tulo Tathu Tili M'manja mwa Anansi

Ndinakulira m'mudzi wina wa m'mapiri a ku Dowa, kufupi ndi Kongwe, kumene usiku kumamveka nkhululu, agalu ndi kadzidzi basi. Nditafika Fomu 4, makolo ananditumiza kwa amalume ku Mponela kuti ndikakonzekere bwino mayeso a MSCE poti kumeneko kuli magetsi. Magetsiwo ndinawapezadi, koma tulo ndinatisiya kumudzi. Kumaso kwa nyumba kunali msewu wa M1, umene malole opita ku Kasungu ndi ku Mzuzu amadutsamo usiku wonse. Kuseri kunali bala yomwe zokuzira mawu zake zinkanjenjemeretsa malata mpaka tambala woyamba, makamaka nyengo yogulitsa fodya, alimi akalandira ndalama.

Ndinayesa nzeru zonse zimene anthu ankandiuza. Ndinkaika thonje m'makutu. Ndinachotsa mphasa kukhoma loyang'ana ku bala, n'kutseka mipata ya pazenera ndi ya pansi pa chitseko ndi masaka akale. Ndinasiya kumwa tiyi madzulo ndipo ndinkagona ndi kudzuka nthawi imodzimodzi tsiku lililonse. Izi zinathandiza ndithu, moti malole aja ndinawazolowera. Koma kugunda kwa nyimbo kumadutsa khoma ndi thonje lomwe, munthu n'kumakumvera m'chifuwa. Tsiku lina aphunzitsi atandipeza ndikusinza m'kalasi anandifunsa kuti, "Kodi iwe, usiku umakatamba?" Anzanga anaseka, koma ine ndinali nditagona maola atatu okha.

Apa m'pamene ndinazindikira kuti tulo tabwino munthu sadzipezera yekha. Madokotala amati munthu wamkulu azigona maola osachepera 7, pomwe wachinyamata amafunika maola 8 mpaka 10. Ubongo umasunga bwino zimene munthu waphunzira masana iye ali m'tulo, choncho wophunzira wosagona akutunga madzi ndi dengu. Mu 2009, bungwe la WHO linalangiza maiko a ku Ulaya kuti phokoso la usiku kunja kwa nyumba lisamapyole madesibelo 40, chifukwa phokoso limasokoneza tulo ndi kuthamangitsa mtima ngakhale wogonayo asadzidzimuke. Thupi la munthu wa ku Madisi silisiyana ndi la munthu wa ku Ulaya.

Ena adzati ife Achewa sitinayambe taopa phokoso la usiku. N'zoona. Pamaliro timachezera kuimba, ndipo ng'oma za gule wamkulu zimalira mpaka m'bandakucha. Komatu zimenezi zili ndi nthawi yake, amfumu amadziwa, ndipo mudzi wonse umauzidwa. Sizichitika usiku uliwonse chaka chathunthu. Enanso adzati mwini bala akusaka chakudya cha ana ake, ndipo ochezera m'mapemphero ali ndi ufulu wopembedza. Sindikutsutsa. Koma amene ali m'bala kapena m'tchalitchi amamva bwinobwino ngakhale mawu atachepetsedwa. Chokuzira mawu choloza panja chimavutitsa namwino amene akulawirira kuchipatala, mayi woyamwitsa ndi agogo odwala amene sanaitanidwe n'komwe.

Maganizo anga ndi akuti khonsolo ya boma, imene imapereka ziphaso kwa ogulitsa mowa, izionetsetsa kuti ikakwana 10 koloko usiku nyimbo zatsitsidwa, ndipo wokakamira alandidwe chiphaso. Mafumu ndi makomiti a m'misika akhale pansi ndi eni mabala, oonetsa mafilimu ndi atsogoleri a mipingo kuti agwirizane za maola a bata. Wokonza ukwati kapena mapemphero ochezera azidziwitsa anansi, monga timachitira kumudzi. Gawo 13 la malamulo aakulu a dziko lino limalamula boma kuti lipatse anthu malo abwino okhalamo ndi ogwiriramo ntchito, ndipo ine ndikuona kuti usiku wabata uli m'gulu lomwelo.

Wolemera akatopa ndi phokoso amasamuka kapena kumanga mpanda. Amalume anga alibe kothawira, ndipo chaka chamawa mng'ono wanga akakhala m'chipinda chomwe chija pokonzekera mayeso ake. Akuluakulu amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ife amene tikusowa tulo tisamangodandaulira m'nyumba. Tipite kwa amfumu ndi kukhonsolo tikanene.