Tiwapatse Bwalo Oimba Achinyamata a ku Mua, Golomoti ndi Mtakataka

Patchuthi chapitachi ndidakhala nawo pa ukwati wina kufupi ndi Mtakataka. Msuweni wanga, mnyamata wa zaka 19, adali atakonzekera tsikuli kwa milungu iwiri. Adapeka yekha nyimbo yolangiza akwati, ndipo gitala wake wa chigubu cha mafuta ndi mawaya a buleki ya njinga adali atamukunga bwinobwino. Nthawi ya perekaniperekani itakwana, adapita kwa woyendetsa mwambo kukapempha kuti amupatse mpata. Yankho lidali lakuti: "Mphwanga, anthuwa abwerera kudzavina. Zako zija ukaimbe kunyumba." Zokuzira mawu zidapitiriza kusokosa ndi nyimbo za ku Nigeria ndi ku South Africa zochokera pa fulashi. Usiku womwewo mnyamatayo adatiimbira nyimboyo pakhonde. Azakhali adamupempha kuti aibwereze katatu, ndipo patapita masiku awiri ndidamva atsikana akuiimba pamjigo.

Maganizo anga m'chimangirizo chino ndi akuti dera la kumunsi kwa Dedza, kuyambira ku Golomoti, kudutsa pa Mua mpaka ku Mtakataka, lili ndi achinyamata odziwa kupeka nyimbo, koma likuwamana bwalo loimbirapo pamaso pa anthu. Tikapanda kukonza zimenezi tidzataya oimba, ndiponso tidzataya nkhani zathu ndi chiyankhulo chathu chimene nyimbozo zikadasunga.

Poyamba tiyenera kuvomereza kuti dera limeneli silosauka pa nkhani ya luso. Kuno kumakumana Achewa, Angoni ndi Ayao. Mwana wobadwira kuno amakula akumva ng'oma za gule wamkulu kudambwe, chisamba ndi chimtali cha amayi, ngoma ya Angoni a kwa Kachindamoto, ndiponso nyimbo za asodzi kunyanja. Pa Mua, pomwe ansembe a chipani cha White Fathers adakhazikitsa mishoni m'chaka cha 1902, pali malo a zachikhalidwe a Kungoni amene bambo Claude Boucher, odziwika ndi dzina loti Achisale, adayambitsa m'chaka cha 1976. Nyumba yosungiramo zachikhalidwe ya Chamare imasunga zigoba za gule zoposa 400, ndipo gule wamkuluyo adazindikiridwa ndi bungwe la UNESCO m'chaka cha 2005. Zonsezi n'zonyaditsa. Komabe tikaonetsetsa, pafupifupi ulemu wonse wapita ku zimene makolo adatisiyira. Mnyamata kapena mtsikana amene wapeka nyimbo yatsopano chaka chino, yokamba za mtengo wa feteleza kapena za mkulu wake amene adapita ku Joni osabwerako, alibe pomwe angaimirire. Tikuiwala kuti nyimbo zamakolo zimene tikusungazi nazonso zidapekedwa ndi munthu wina pa tsiku lina, ndipo pa tsikulo zidali zatsopano.

Chachiwiri, kuimba pamaso pa anthu ndiye sukulu yeniyeni ya woimba. Masiku ano n'kosavuta kujambula nyimbo. Mnyamata amasunga ndalama za maganyu, kupita kwa mnzake amene ali ndi kompyuta m'kachipinda pamsika, n'kutuluka ndi nyimbo tsiku lomwelo. Kompyutayo imaika ng'oma, imaika gitala, mwinanso kuwongola mawu pomwe akhota. Nyimbo ija imayenda pa WhatsApp kwa mlungu umodzi kenako n'kuiwalika. Vuto ndi lakuti woimbayo sadziwa chimene chalakwika chifukwa sadaone nkhope ya womvera ndi mmodzi yemwe. Pabwalo zinthu n'zosiyana. Mukataya mawu, anthu amayang'anana. Ndime ikatalika, amayamba kucheza. Mawu akawakhudza, amayi amalulutira ndipo ena amadzuka kudzafupa. Woimba amabwerera kunyumba akudziwa ndime yofunika kudula ndi yofunika kusunga. Maphunziro otere palibe situdiyo imene ingawapereke.

Mbiri ya nyimbo m'dziko muno ikuchitira umboni mfundoyi. Ku Balaka, gulu la Alleluya Band lidayamba m'chaka cha 1978 pa parishi ya Katolika. Lidali gulu la achinyamata wamba amene adapatsidwa zida ndi malo oimbira. M'gulumo mudadutsa Paul Banda, Charles Sinetre ndi malemu Lucius Banda, amene adatisiya m'chaka cha 2024, ndipo mayimbidwe a ku Balaka adadziwika dziko lonse. Anyamata a gulu la Malawi Mouse Boys ankagulitsa mbewa m'mbali mwa msewu uku akuimba ndi zida zopanga okha. Chimbale chawo choyamba chidatuluka m'chaka cha 2012, ndipo chaka chotsatira adakaimba ku chikondwerero cha WOMAD ku England. Yobu Maligwa ndi Yosefe Kalekeni a Madalitso Band adakhala zaka zambiri akuimba m'misewu ndi m'misika ya ku Lilongwe ndi babatoni wa chingwe chimodzi, gitala wa zingwe zinayi ndi ng'oma yoponda ndi chidendene. M'chaka cha 2017 adakaimba ku Sauti za Busara ku Zanzibar, kenako m'maiko a ku Ulaya. Onsewa adakhwimira pamaso pa anthu, akuimba nyimbo zawozawo m'Chichewa. Msuweni wanga sasiyana nawo zida. Chimene akusowa ndi anthu omumvera.

Chinthu chowawa n'chakuti dera lathu lili panjira ya zikondwerero zikuluzikulu za nyimbo. Ochokera ku Blantyre popita ku Senga Bay, kumene kwakhala kukuchitikira Sand Music Festival imene Lucius Banda adayambitsa, amadutsa pa Golomoti, Mua ndi Mtakataka. Ochokera ku Lilongwe popita ku Mangochi, kumene Lake of Stars idachitikirako zaka zingapo, ambiri amatsetsereka pa Khwekhwelele n'kudutsa pa Golomoti pomwepo. Magalimoto onyamula zida ndi oimba otchuka timangowaona akudutsa, mwina kuima pang'ono kugula mango ndi nsomba. Mwana wa kuno kuti akaonerere akufunika ndalama yoyendera, yolowera pakhomo ndi yogona, zimene banja lodalira ulimi silingakwanitse. Tsono ngati sangapite kukaona oimba akumenya zida, ndipo kwawo kulibe bwalo lotere, adzaphunzira kuti?

Alipo ena amene anganene kuti anthu amafuna nyimbo zimene akuzidziwa kale, ndipo mwini ukwati amene walipira zokuzira mawu sangaike mwambo wake pachiswe chifukwa cha mnyamata wosadziwika. Mfundoyi ili ndi choonadi chake, ndipo sindikunena kuti nyimbo zakunja ziletsedwe. Koma nyimbo iliyonse imene anthu akuidziwa lero idali yachilendo pa tsiku loyamba kuimva. Pa mwambo wa maola asanu kapena asanu ndi limodzi, kupatula mphindi 15 sikungaphe chisangalalo. Ena anganene kuti achinyamata ambiri amaimba zosamveka, zongotengera a ku America ndi ku Jamaica. Izinso n'zoona kwa ena a iwo. Komabe munthu amatengera chimene amamva tsiku ndi tsiku. Ngati paukwati, m'minibasi ndi m'mabala tikuwamvetsa zakunja zokhazokha, tisadabwe akamaimba ngati alendo. M'mera mpoyamba, ndipo amene angawongole woimba wachinyamata ndi omvera a kwawo.

Palinso nkhawa ya makolo yakuti kuimba ndi njira ya uchidakwa ndi kusiya sukulu. Nkhawayi sindikuipeputsa, chifukwa tonse tikudziwa oimba amene adaonongeka ndi mowa ndi chamba. Koma taonani kumene mnyamata woimba amapeza mpata lero: ndi kumalo omwera mowa, usiku, kumene malipiro ake nthawi zambiri amakhala chakumwa. Kwa mtsikana zinthu n'zovuta koposa, pakuti akangoonekera kumalo otere mbiri yake yaipa m'mudzi monse. N'chifukwa chake atsikana ambiri aluso amathera m'kwaya basi, ndipo nyimbo zimene amapeka paokha sizimveka. Tikafuna kuteteza ana athu, tiwatsekulire bwalo la masana, pasukulu, patchalitchi kapena pabwalo la mfumu, pomwe makolo awo angakhale pampando n'kuwaonerera.

Nanga tichite chiyani? Zimene ndikupempha sizifuna ndalama zambiri. Chikondwerero cha zachikhalidwe chimene chakhala chikuchitika pa Kungoni m'mwezi wa Ogasiti chimasonkhanitsa magule a mitundu yonse itatu pamodzi ndi alendo ochokera kutali. Chikadapatula nthawi ya achinyamata oimba nyimbo zopeka okha, chikadachitira oimba zimene malowa adachitira kale osemasema, amene ambiri akudya za luso lawo. Sukulu za sekondale zili ndi masiku a zisangalalo amene nthawi zambiri amathera kuvina nyimbo za pa fulashi. Aphunzitsi angathe kuika lamulo lakuti gawo lina likhale la nyimbo zopeka ophunzira, zoimbidwa ndi zida, ngakhale zikhale zopanga okha. Mafumu, mipingo ndi mizikiti ali ndi misonkhano imene imakoka anthu ambiri. Amalonda a pa Golomoti ndi Mtakataka angathe kusonkha kangachepe kuti pa tsiku la msika pakhale bwalo la oimba kamodzi pa mwezi. Pa Golomoti pomwepo pali malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 20 amene adayamba kugwira ntchito m'chaka cha 2022. Dera limene likuthandiza kuunikira dziko silingalephere kuyatsa chokuzira mawu chimodzi cha ana ake.

Oimba achinyamata nawonso ali ndi mbali yawo. Aphunzire kumenya chida chimodzi mpaka achidziwe, asamangodalira kuimba motsatira nyimbo yojambula kale. Apeke za moyo umene akuudziwa: madzi osefukira, usodzi umene ukuchepa, maukwati a ana amene Inkosi Theresa Kachindamoto adalimbana nawo mpaka kutchuka dziko lonse lapansi, chikondi cha pamsika ndi chisoni cha pamaliro. Adziwenso kuti nyimbo ndi chuma chotetezedwa ndi lamulo. Bungwe la COSOMA lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1992 kuti liziteteza umwini wa ntchito zaluso, ndipo lamulo latsopano la umwiniwu lidabwera m'chaka cha 2016. Woimba amene walembetsa nyimbo yake amakhala ndi pogwira wina akaiba kapena wailesi ikamaiulutsa.

Pomaliza ndikutembenukira kwa ife ophunzira ndi aphunzitsi a ziyankhulo. M'kalasi timasanthula ndakatulo, miyambi ndi nthano, ndipo timadandaula kuti zolembedwa m'ziyankhulo zathu n'zochepa. Pamene tikudandaula choncho, kumudzi kuli alakatuli amene akupeka ndi gitala m'manja, akusakaniza Chichewa, Chiyao ndi mawu otsalira a Chingoni m'njira imene simungaipeze m'buku lililonse. Ambiri a ife tili ndi foni yotha kujambula mawu. Tikapita kutchuthi, tiwapemphe chilolezo, tiwajambule, tilembe mawu a nyimbo zawo pamodzi ndi maina a eni ake, ndipo tidzazisanthule m'kalasi monga tichitira ndi ntchito za alembi otchuka. Tikamakonza zochitika pasukulu pano, tiziwaitana ndi kuwalipira. Msuweni wanga akunena kuti mvula ikatha apita ku Lilongwe kukafuna ntchito ya ulonda, ndipo gitala uja akuti amusiyira mng'ono wake. Ndamupempha kuti adikire mpaka Ogasiti, ndipo ndalonjeza kuti ndiyankhula ndi akuluakulu a kwathu kuti amupezere poimbira.