Chilolezo chapadera chisamaperekedwe mseri

Ife a ku Chunga mzinda wa Lusaka timaudziwira ku zimene umataya. Malole a zinyalala za ku Kabwata, Chelstone ndi m'tauni amathera kwathu, zonyansa za m'mapaipi zimadzasefedwa kwathu, ngakhale maliro ambiri amadzagona konkuno. Ndiye ndikamva kuti womanga wina wamulola kudumpha muyezo, ndimafunsa kuti zotsatira zake zigwera pakhomo pa yani.

Miyezo ya mainjiniya si nkhanza ayi. Akati siyani mpata pakati pa mpanda ndi msewu, mpatawo ndi wa ngalande, wa paipi ya madzi ndi wa munthu woyenda pansi. Akati musathire simenti poloti yonse, akufuna kuti mvula ipeze polowera. Mzinda uno unakhala pa mwala wa laimu wong'ambikang'ambika, madzi a pansi ali pafupi, moti chimbudzi ndi chitsime sizichedwa kumwetsana.

Pitani kumayadi, ku Kabulonga kapena Woodlands. Poloti imene kale inali ndi nyumba imodzi ndi mitengo ya mango, lero ili ndi mafulati ondondozana, bwalo lonse lowaka mpaka pageti, chitsime chokumba ndi makina pakona iyi, dzenje la zonyansa pakona inayo. Mvula ikangoti wa, madzi onse amathawira kumsewu. Mwini wake ali nalo pepala lodinda bwino, koma pepalalo silimwa madzi.

Sindikunena kuti muyezo usamafewetsedwe. Mu 1974 dziko lino linakhazikitsa lamulo lovomereza makomboni, ndipo George, Chawama, Chaisa ndi Chipata analandira misewu ndi mipope popanda kugwetsa nyumba zonse zosafika pa muyezo wa kumayadi. Akanaumirira buku, makolo athu ambiri akanagona panja. Koma kufewetsa kumeneko kunalembedwa m'lamulo, kunali kwa aliyense, ndipo chifukwa chake chinali poyera. Chimene ndikukana ine ndi chifundo chochitira munthu mmodzi wa thumba lonona, chitseko chili chotseka.

Nkhalango ya Forest 27, kum'mawa kwa mzinda, inatiphunzitsa zokwanira. Inatetezedwa mu 1957 chifukwa ndi imene imadyetsa mtsinje wa Chalimbana. Kuyambira 2017 zigawo zake zinayamba kuchotsedwa pa chitetezo, nyumba zikuluzikulu n'kumera pamenepo. Okhala kumunsi kwa mtsinjewo anadandaula mpaka kukhoti, koma simenti inali itauma kale.

Ndipo kukonza n'kodula. Ntchito ya madzi, zimbudzi ndi ngalande imene boma la America linalipirira, yomwe inawaka ngalande za Bombay ndi Mazyopa, inadya pafupifupi madola 355 miliyoni. Ngalande yotero anaiyeza potengera kuchuluka kwa madzi oyenera kudutsamo. Poloti iliyonse yowakidwa mopyola muyezo imaiwonjezera katundu amene sanamuwerengere. Za kolera sindichita kukukumbutsani: kumayambiriro kwa 2024 bwalo la mpira la Heroes linasanduka chipatala, ana n'kuchedwa kutsegulira sukulu.

Lamulo la mapulani a mizinda la 2015 linapatsa makhonsolo mphamvu yololeza kapena kukana chomangidwa. Mphamvuyo ikhale, koma aliyense wopempha kudumpha muyezo aonetse kumene madzi ake ndi zonyansa zake zidzapite, ndipo ngalande yowonjezera alipire yekha. Injiniya wovomereza asaine dzina lake, ndi chifukwa chake, pepalalo likhomedwe pamene tonse tingawerenge. Kachidziwitso ka zilembo zing'onozing'ono m'nyuzipepala ya Chingerezi sikafika kwa mayi wogulitsa tomato ku Lilanda.

Inu makhansala athu, musanakweze dzanja ku Civic Centre kuvomereza chilolezo chapadera, yambani mwaitanitsa msonkhano m'wodi imene madziwo adzathere, anthu amve okha ndipo ayankhe.