ZAPAKHONDE: Mxhosa amene anagona pa Njuyu

Mwezi uno tati tisiye kaye nkhani za mapepala ndi mitengo ya mabasi opita kumudzi, tichezeko za bambo wina amene anayenda njira yathu yomweyi, kungoti iwo ankalowera kumene ife tachokera.

Ambiri amene tinakulira mu CCAP tikafunsidwa za amishoni ochokera kuno ku South Africa, timathamangira kutchula abusa A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok amene anatsegula mishoni ya Mvera mu 1889. Sitinama ayi. Koma zaka 13 izi zisanachitike, mu 1876, amuna anayi achikuda a pa sukulu ya Lovedale, m'tauni ya Alice ku Eastern Cape, anali atanyamuka kale kukathandiza mishoni ya Livingstonia ku nyanja yathu. Maina awo ndi William Koyi, Shadrach Mngunana, Isaac Wauchope ndi Mapassa Ntintili.

A Koyi sanali ophunzira kwambiri. Anabadwa mu 1846, ndipo anagwira ntchito wamba ku Uitenhage ndi ku Port Elizabeth, kumene lero akuti Kariega ndi Gqeberha, monga momwe ambirife tikuchitira. Anafika ku Lovedale mu 1871 ali kale bambo wa zaka 25. Dr James Stewart, mkulu wa sukuluyo, atapempha anthu odzipereka, a Koyi anavomera poyera kuti luso lawo n'lochepa, koma anati ali okonzeka kupita ngakhale kukangotema nkhuni ndi kutunga madzi.

Dziko lathu silinawalandire ndi manja awiri anthu amenewa. A Wauchope anadwala nabwerera asanakhazikike n'komwe. A Mngunana anamwalira ku Cape Maclear mu 1877. A Ntintili anagwirako ntchito ku Blantyre, ndipo mu 1880 anabwerera kwawo. Wotema nkhuni uja ndiye anatsalira.

Chimene anali nacho a Koyi, chomwe azungu a ku Scotland analibe, chinali lilime. Angoni a Zwangendaba anachokera kuno kumwera naoloka Zambezi mu 1835, ndipo m'masiku amenewo ankayankhulabe Chingoni, chomwe ndi pachibale ndi Chizulu ndi Chixhosa. Choncho Dr Robert Laws popita kukaonana ndi Inkosi M'mbelwa mu 1879, pakamwa pake ndi makutu ake anali a Koyi. Mu 1881 mishoni inasamukira ku Bandawe pakati pa Atonga, anthu amene Angoni ankawaona ngati awo amene anawathawa. Aliyense wochokera ku Bandawe ankayang'anidwa ndi diso lokayika. Komabe mu 1882 a Koyi anakwera mapiri nakamanga nyumba pa Njuyu, kufupi ndi phiri la Hora m'boma la Mzimba.

Apa ndi pamene pagona nkhani yathu. Mfumu ndi nduna zake anawalola kukhala, koma sukulu anakaniza. Ankaopa kuti ana akaphunzira adzakana kugwira nthungo ndi chishango, ndipo ufumu wa Angoni udzazilala. Tangoganizani, abale. Munthu wasiya kwawo, wayenda ulendo wa miyezi, wabwera kudzaphunzitsa, ndiye eni mudzi akuti khala koma usaphunzitse. Chaka chatha, china chabwera, yankho n'lomwelo. Ena a ife tikanamanga katundu. Ena tikanayamba kunyoza kuti anthu a kuno ndi ouma mitima.

A Koyi anakhala. Ankapemphera ndi amene abwera pakhomo pawo. Ankacheza ndi madoda pabwalo, kumvetsera milandu, kudziwa kuti uyu ndi mwana wa yani, uyu amalonjeredwa bwanji, mawu ati sanenedwa pamaso pa mfumu. Azungu akalakwitsa mwambo, iwo ndiwo ankapepesa ndi kulongosola. Mitima ya ankhondo ikatentha, iwo ndiwo ankapita kukaiziziritsa. Munthu wowaona akanati bamboyu akungotaya nthawi, popeza panalibe kalasi, panalibe wobatizidwa, panalibe chiwerengero chokoma chotumiza kwa owalemba ntchito. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Zaka zinayi zimenezo a Koyi anasiya kukhala mlendo wa ku Bandawe, nakhala munthu wa pamudzi amene mawu ake ankamveka mbali zonse ziwiri.

Sanali okha nthawi yonseyi. James Sutherland wa ku Scotland anakhala nawo mpaka anamwalira mu 1885, chaka chimene anafika Dr Walter Elmslie. Mxhosa mnzawo, George Williams, nayenso anawatsatira kuchokera ku Lovedale. Koma amene anatsegula khomo kuti enawa apeze pokhala anali a Koyi.

Mu 1886 mvula inachedwa, anthu nada nkhawa. Amishoni anapemphedwa kuti apemphere, ndipo mvula inagwa. Patapita miyezi yochepa, bwalo la Angoni linavomera kuti sukulu zitsegulidwe. Uthenga umenewu unawapeza a Koyi ali gone, matenda atawamaliza. Anamwalira pa 4 June 1886, ali ndi zaka 40, naikidwa pa Njuyu pomwepo. Sukulu yoyamba inatsegulidwa kumapeto kwa chaka chomwecho iwo kulibe. Angoni oyamba kubatizidwa, Mawelera Tembo ndi mbale wake Makara, anabatizidwa mu 1890. A Koyi sanadzozedwepo ubusa, ndipo zipatso za ntchito yawo sanazione ndi maso. Koma lero amene anaphunzira ku Ekwendeni kapena ku Embangweni anadutsa pa khomo limene bamboyu anakhalira kugogoda zaka zinayi.

Tsono tibwere kwa ife. Pakati pathu pali abusa, alaliki ndi ana a sukulu zaubusa amene amanena kuti Mulungu anawatuma kuno. Mipingo yathu yachuluka ndithu. Lamulungu lililonse timabwereka makalasi ndi magalaja, n'kuimba m'Chichewa mpaka misozi. Zimenezi n'zabwino, pakuti mtima wa munthu wa paulendo umafuna pogonera. Koma tiyang'ane m'mabenchi mwathu: eni dziko alimo angati? Nanga ife talowapo kangati m'matchalitchi mwawo? Ngati uthenga wathu umangozungulira pakati pa anthu a kwathu okhaokha, ndiye kuti tasamutsa mudzi, sitinalowe m'mudzi.

Ndipo nkhaniyi si ya abusa okha. Tonse tikudziwa abale amene akhala ku Tembisa, ku Umlazi kapena ku Khayelitsha zaka khumi, koma Chizulu kapena Chixhosa chawo chimathera pa moni ndi pofunsa mtengo wa takisi. Timati tabwera kudzagwira ntchito basi, chaka chamawa tikupita. Mlendo ndi mame, inde, koma mame ake ati okhala zaka khumi? Ana athu abadwira kuno, akusewera ndi ana a kuno, pamene ife mtima udakali pa depoti.

Tidzifunse funso limodzi lokha. Mwini nyumba amene timachita lendi kuseri kwake maliro akamugwera, timatani? Kuno mwambo wake timauona: mapemphero madzulo aliwonse sabata yonse, tenti pamsewu, amayi kusenda mbatata ndi kudula kabichi usiku wa Lachisanu, m'manda Loweruka m'mawa. Ena a ife timatseka chitseko n'kumadikira kuti tenti ichoke, ati sitidziwa chonena. Kodi kwathu munthu wothawa maliro a mnansi timamutcha dzina lanji? Ponyamula mipando sipafunika galamala. Mayi wokhala pansi ndi mpeni m'manja pakati pa amayi anzake wanena kale zambiri, ndipo pofika m'bandakucha amakhala atatolako mawu khumi atsopano.

Tisanamizane, abale. Kudziwa chiyankhulo ndi kupita kumaliro si chithumwa. Mu May 2008, chipwirikiti chija chitayambira ku Alexandra, anthu 62 anaphedwa, ena mwa iwo eni dziko enieni. Pakati pa othamangitsidwa panali anthu oyankhula Chizulu bwinobwino, okwatira konkuno. Mlandu wa zimenezo uli pa amene anachita nkhanzazo, osati pa amene anavutika. Nawonso a Koyi sankagona tulo tamtendere masiku onse pa Njuyu. Komabe ambiri tikudziwa nkhani za abale amene anabisidwa ndi anansi awo, kapena amene katundu wawo anasungidwa mpaka zinthu zitazizira. Amene anachita zimenezo anali anthu owadziwa maina, osati ongowaona akudutsa.

Choncho pempho lathu mwezi uno n'laling'ono. Tisanakumanenso, aliyense aphunzire mawu opepesa maliro m'chiyankhulo cha kumene akukhala. Funsani mnzanu wa kuntchito, kapena mwana wanu yemwe, akuphunzitsani. Ana a sukulu amene muli m'mayunivesite, musamangodya ndi a kwanu okha. Tsiku lina mnzanu akakuitanani kumudzi kwawo patchuthi, pitani mukaone. Abusa athu, kachezeni kwa abusa a tchalitchi choyandikana nanu, osati kukabwereka holo, koma kukangodziwana. Akakukayikirani ulendo woyamba, mudzapitenso.

Ndipo amene mukupita kumudzi cha kumpoto pa Khirisimasi, mukafika ku Mzimba mukafunse njira ya ku Njuyu. Kuli manda a mwana wa ku Eastern Cape amene anakhala nafe mpaka tinamuika ndi manja athu. Mukabwerako mudzawauze anansi anu Achixhosa kuti m'bale wawo tikumusunga.

Tsalani bwino, Mulungu akusungeni. Tidzachezanso mwezi wamawa.