Khoswe Akalowa mu Injini ya Galimoto



Ambiri a ife akunyanja timalidziwa boma la Mchinji chifukwa cha malonda. Timanyamula usipa, utaka ndi matemba kuchokera ku Mangochi, Salima kapena Nkhotakota, n'kudutsa mu Lilongwe, n'kutsata msewu wa M12 mtunda wa makilomita oposa 100. Ena amatsitsa katundu pa Kamwendo, ena pa Boma, ena amapitirira mpaka pa chipata cha Mwami polowera ku Chipata m'dziko la Zambia. Pobwerera galimoto imasenza mtedza, soya ndi chimanga, poti dera limeneli ndi la alimi. Ulendo woterewu ndi umene umagula ufa ndi kulipira fizi ya ana m'mabanja ambiri. Koma pali kanyama kamene kangathe kuimitsa ulendo wonsewo usiku umodzi wokha, ndipo kanyamako ndi khoswe.

Tiyambe tamvetsa chimene chimamukoka. Galimoto imene yanyamula nsomba popita ndi mtedza pobwera ili ngati nkhokwe yoyenda pa matayala. Timitu ta usipa ndi njere zotayika zimatsalira m'ming'alu, pansi pa mipando ndi m'makona a bodi. Chachiwiri ndi kuzizira. Mchinji ndi dera lokwera, ndipo usiku wa mu Juni ndi Julaye kumazizira kuposa kwathu kunyanja. Iyi ndi nthawi yomweyo imene mbewu zimakhala zangokololedwa, makoswe ali balalabalala pafupi ndi mashedi ogulirako mbewu. Lole ikagona pamenepo, kapena ikamadikira mapepala pa chipata, injini yake imakhalabe yofunda kwa maola angapo. Khoswe wapeza chakudya, wapezanso pogona pofunda. Kuti alowe safuna khomo lalikulu: kabowo ka masentimita awiri kamukwanira, pamene mbewa imalowa ngakhale pamene pangolowa pensulo.

Nanga amadyeranji mawaya, chinthu chosakhutitsa? Mano akutsogolo a khoswe sasiya kukula moyo wake wonse. Pa chaka amakula masentimita oposa 10, choncho amangokhalira kutafuna chilichonse cholimba chimene wachipeza. Pulasitiki yokuta mawaya, mapaipi a labala ndi thonje la pansi pa boneti zonse amazing'amba, zina n'kumangira chisa. Vutoli si lathu lokha. Ku America eni galimoto ena anafika posumira kampani ya Toyota mu 2016, ponena kuti pulasitiki yokuta mawaya inali ndi soya amene amakoka makoswe. Nayo kampani ya Honda inapanga tepi yokutira mawaya yosakaniza ndi mankhwala owawa a mu tsabola. Koma makoswe anayamba kale kudya mawaya soyayo asanatchulidwe.

Zizindikiro zake n'zosavuta kuziona kwa munthu wachidwi. Galimoto imene dzulo inali bwinobwino m'mawa ikukana kulira. Nyali zikuphethira, hutala sakulira, kapena pa dashibodi payaka kanyali kochenjeza. Fyuzi imodzimodziyo ikupsa mobwerezabwereza. Mukatsegula boneti mukupeza zitosi zakuda ngati njere za mpunga, makoko a mtedza pamwamba pa injini, kapena tinsanza ndi udzu m'bokosi la sefa ya mpweya. Choopsa kwambiri ndi fungo la pulasitiki yopserera. Mukalimva limeneli zimitsani injini pomwepo, ndipo muchotse waya wa pa batire wa mbali yolembedwa (-) musanagwire china chilichonse.

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa chifukwa cha changu. Dalaivala akuona kuti nsomba zichedwa pa msika, ndiye amangopota mawaya awiri odukawo ndi zala, n'kukulunga ndi kajumbo. Fyuzi ikapsa amaikapo kawaya kapena kapepala konyezimira. Abale, fyuzi ndi mlonda wa galimoto. Anaipanga dala kuti izipsa yokha magetsi akachuluka, mawaya asanatenthe. Mukaikapo waya m'malo mwake ndiye kuti mwachotsa mlondayo, ndipo chimene chidzapse ndi mtolo wonse wa mawaya, mwinanso galimoto ndi katundu yemwe. Batire ya mavoti 12, kapena 24 pa malole akuluakulu, siingakugwedezeni ngati magetsi a m'nyumba, koma waya wosendeka ukakhudza chitsulo umafiira ngati khala pa kanthawi kochepa. Pafupi pomwepo pamadutsa mapaipi a mafuta.

Zoti khoswe ndi moto zimayendera limodzi si nkhani yachilendo kwa ife. M'buku la Sahih al-Bukhari muli hadisi imene Jabir anasimba, yosonyeza kuti Mtumiki (SAW) analangiza anthu kuvundikira ziwiya za chakudya ndi kuzimitsa nyali pogona, chifukwa khoswe angathe kukoka chingwe cha nyali n'kutentha nyumba. Lero chingwe cha nyali chija ndi waya wa mu injini, ndipo malangizo ovundikira chakudya akadali ndi ntchito.

Kukonza koyenera kuli motere. Pitani kwa makaniko wodziwa za magetsi a galimoto, ndipo mumupemphe atsate mtolo wonse wa mawaya, chifukwa khoswe saluma malo amodzi. Waya woduka alumikize ndi unzake wonenepa chimodzimodzi, awotcherere ndi mtovu kapena apanikize ndi zolumikizira zake, kenaka akute ndi tepi ya magetsi kapena kapaipi kofota ndi moto. Fyuzi yatsopano ikhale ya nambala yomweyo. Mitundu yake imathandiza: yofiira ndi ya 10, yabuluu 15, yachikasu 20, yobiriwira 30. Galimoto zambiri zimene tikugula kuchokera ku Japan zili ndi kompyuta yoyendetsa injini, ndipo kulumikiza mawaya mongoyerekeza kungaiotche. Mawaya okhala ndi zolumikizira zachikasu ndi a chikwama cha mpweya chotetezera pangozi. Amenewo musawagwire nokha. Muonetsetsenso kuti ayang'ana mapaipi a mafuta ndi a madzi.

Mukakonza waya khoswe akadali momwemo, mawa mudzakonzanso. Akuluakulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo zoonadi simungamumenye ndi chibonga ali pa injini. Tcherani misampha pansi pafupi ndi matayala, nyambo yake mtedza wokazinga kapena kamutu ka usipa. Musachedwe, popeza khoswe wamkazi amaswa pakangotha milungu itatu atatenga bere. Chisa ndi zitosi muyambe mwaziwaza madzi a Jik, ndipo muzichotse mutavala magolovesi, chifukwa mkodzo wa khoswe umafalitsa matenda.

Za mankhwala a tameki amene amagulitsidwa m'misika tikuti pewani. Amenewa anapangidwira tizilombo ta m'minda, ndipo ndi poizoni woopsa kwa mwana wokwawa, nkhuku ndi mphaka yemwe. Kuwonjezera apo, khoswe wodya poizoni amakafera m'mapaipi a mpweya, galimoto n'kununkha milungu ingapo.

Chachikulu ndi ukhondo. Mukatsitsa katundu sesani bodi yonse, chotsani mphasa za pansi, ndipo musasiye matumba kapena zotsalira za chakudya m'galimoto usiku. Imikani kutali ndi nkhokwe, dzala ndi udzu wautali. Galimoto imene ili pakhomo isakhale masiku ambiri osalizidwa. Ana athu angathandize kusesa, ndipo mayi kapena bambo amene wabwereka lole ali ndi ufulu wopempha dalaivala kuti atsegule boneti ulendo usanayambe. Kuyang'ana mu injini m'mawa sikutenga mphindi zisanu, pamene kugona pa msewu ndi matumba a nsomba kungathe kumaliza mpamba wonse wa banja.

Amene mukupita ku Mchinji nyengo ya zokolola ino, nyamulani tochi, fyuzi zapadera za manambala oyenera, tepi ya magetsi ndi msampha umodzi. Allah akusungeni pa ulendo wanu, ndipo tidzakumananso m'kope lotsatira, Insha Allah.