Mankhwala a Amai Osiya Kusamba: Tisagule Dzina Cabe

Mai aliyense amene akhala ndi moyo kufikira ukulu adzafika pa nthawi yosiya kupita kumwezi. Bungwe la World Health Organization linena kuti kwa amai ambiri nthawi imeneyi ifika pakati pa zaka 45 ndi 55. Si matenda, si tsoka, ndiponso si nchito ya mfiti. Koma m'midzi mwathu nkhani imeneyi ikambidwa monong'ona, kapena osakambidwa konse, kotero kuti mai avutika yekha zaka zambiri osadziwa kuti thandizo liripo. Pamene ife tiri cete, amalonda sali cete. Pa Facebook ndi pa WhatsApp, zimene zafika ndi m'midzi momwe kamba ka mafoni, pali otsatsa mafuta, mibulu ndi madontho amene awacha dzina la Cingerezi lakuti bioidentical, namalonjeza kubweza utsikana. Mankhwala oona a dzina limeneli alipo, ndipo athandizadi. Koma dzina lomweli agulitsira nalonso zinthu zimene palibe anaziyesa. Mai ayenera kudziwa kusiyanitsa ziwirizi asanatulutse ndalama za nshawa zake.

Tiyambe ndi cimene cicitika m'thupi. Mkazi ali ndi timatumba tiwiri ta mazira, ndipo timeneti tipanga mankhwala a m'magazi ochedwa mahomoni. Akulu mwa iwo ndi awiri, esitirojeni ndi pulojesiteroni, ndipo ndiwo ayendetsa kusamba ndi kubala. Mai akapitirira zaka 40, timatumbati tiyamba kugwira nchito modumphadumpha: mwezi uno mahomoni acuruka, mwezi wamawa acepa. Kusamba kuyamba kusintha masiku, nthawi zina kubwera kwambiri, nthawi zina kulumpha miyezi iwiri kapena itatu. Nyengo ya kusintha imeneyi itha kutenga zaka zingapo, ndipo mai akhoza kutengabe pakati m'nyengoyi. Madokotala anena kuti wasiyadi pamene papita miyezi 12 yathunthu osaona magazi.

Amai ena adutsa m'nyengo imeneyi mosavutika. Ena amva kutentha kodzidzimutsa kocokera pacifuwa kufika kumaso, adzuka usiku cofunda citanyowa ndi thukuta, asowa tulo, mtima uthamanga, akwiya msanga ndi kuiwalaiwala. Njira ya ukazi iuma, kotero kuti kukhala malo amodzi ndi mwamuna kusanduka cowawa. Mafupa nawo ayamba kufewa mwakacetecete. Kufufuza kwina kwa ku America kumene kunafalitsidwa mu 2015, kunapeza kuti kwa amai ovutika kawirikawiri kutenthaku kunatenga zaka zoposa 7, ndipo kwa amai akuda a kumeneko kunafika zaka 10. Mai amene sanagone usiku ndiye yemweyo ayembekezeka kukhala m'munda tambala atalira. Kumuuza kuti angopirira cifukwa agogo ake anapirira si yankho lokwanira.

Maganizo obwezera m'thupi mahomoni amene acepa si a lero. Mu 1942 ku America analoleza mankhwala ochedwa Premarin, opangidwa kucokera ku mkodzo wa akavalo akazi okhala ndi bere. Anathandiza, koma esitirojeni wa kavalo asiyana pang'ono ndi wa munthu. M'zaka zomwezo katswiri wina dzina lake Russell Marker anapeza njira yopangira pulojesiteroni kucokera ku cilazi ca kuthengo ca ku Mexico, m'bale wake wa mpama wathu. Lero mafakitale agwiritsa nchito zilazi zotere ndi soya popanga mahomoni amene mapangidwe ake ali cimodzimodzi ndi aja a m'thupi la mkazi. Ndilo tanthauzo lonse la liu lakuti bioidentical: ofanana ndi a m'thupi. Silitanthauza kuti anakumbidwa kuthengo, pakuti apangidwa m'fakitale monga mankhwala ena onse. Silitanthauzanso kuti alibe ngozi.

Pali maphunziro awiri amene madokotala anaphunzira movutikira. Loyamba linabwera mu 1975, pamene kunaoneka kuti amai amene anali kumwa esitirojeni yekha anali kudwala kwambiri khansa ya m'kati mwa cibaliro. Esitirojeni akulitsa khungu la m'kati mwa cibaliro, ndipo pulojesiteroni ndiye aletsa kuti lisakule mopitirira. Kuyambira pamenepo lamulo lakhala lakuti mai amene ali ndi cibaliro alandire onse awiri. Laciwiri linabwera mu 2002, pamene kufufuza kwakukulu kochedwa Women's Health Initiative, kwa amai oposa 16,000, kunaimitsidwa nthawi isanakwane. Anapeza kuti mwa amai 10,000 alionse omwa esitirojeni wa akavalo pamodzi ndi pulojesiteroni wa mtundu wosafanana ndi wa m'thupi, amai 8 oonjezera pa caka anadwala khansa ya m'mawere. Kufa ziwalo ndi kuundana kwa magazi m'mitsempha kunaonjezekanso, ngakhale kuti kuthyoka kwa mafupa kunacepa. Amai miyandamiyanda anataya mapilitsi ao ndi mantha.

Pambuyo pake akatswiri anayang'ananso bwino nkhaniyo, naona kuti amai a m'kufufuza kuja anali acikulire, a zaka 63 powalinganiza onse. Kwa mai wathanzi wosafika zaka 60, kapena amene sanathe zaka 10 cisiyire kusamba, ubwino wa mankhwala kawirikawiri uposa ngozi yake. Koma mantha anali atalowa kale, ndipo pa khomo lomwelo ndi pamene amalonda analowera. Ku America anthu ochuka monga Suzanne Somers, wa maseŵero a pa kanema, analemba mabuku otamanda mahomoni osanganizidwa mwapadera, nati amenewa ndiwo acilengedwe ndi opanda vuto. Malonda ao anakula nafalikira m'maiko ambiri.

Motero lero pali mitundu iwiri ya mankhwala pansi pa dzina limodzi. Mtundu woyamba ndi wa aja opangidwa m'mafakitale odziwika, oyesedwa pa amai zikwi zambiri, ndi kulolezedwa ndi maboma. Esitirojeni wake achedwa estradiol, ndipo apezeka monga piritsi lakumwa, mafuta opaka pamkono kapena pancafu, kapena kacigamba komata pakhungu kamene kasinthidwa kamodzi kapena kawiri pa mlungu. Wopaka ndi womata alowa m'magazi osayamba wadutsa m'ciwindi, n'cifukwa cake ngozi ya kuundana kwa magazi icepa poyerekeza ndi wakumwa. Pulojesiteroni wake ndi kambulu komwa usiku, pakuti kadzetsa tulo. Dzina lina la malonda ndi Utrogestan. Kufufuza kwa ku France kunaonetsa kuti pulojesiteroni wotere angakhale wofatsa ku mawere kuposa wa mtundu wina uja, koma sikuti ngozi yatheratu. Mai amene anacotsedwa cibaliro safunika pulojesiteroni. Ndipo mai amene vuto lake ndi kuuma kwa njira ya ukazi cabe angathandizidwe ndi esitirojeni wocepa kwambiri woika pamalo pomwepo, amene salowa kwenikweni m'magazi. Paketi iriyonse ya mankhwala otere iri ndi muyeso wodziwika, tsiku lothera mphamvu, ndi kapepala ka macenjezo.

Mtundu waciwiri ndi wa aja amene sitolo ya mankhwala isanganiza yokha, ponena kuti ikupangira munthu aliyense muyeso wakewake. Kawirikawiri ayamba ndi kupima malovu a mai, namuuza kuti apeza mahomoni amene akusowa. Kupima kumeneku n'kopanda pake, pakuti m'nyengo ya kusintha mahomoni akwera ndi kutsika tsiku ndi tsiku, ndipo za m'malovu sizionetsa za m'magazi. Dokotala weniweni ayang'ana msinkhu wa mai ndi zimene akumva. Msanganizo wotere sunayesedwe, ndipo botolo la mwezi uno likhoza kusiyana mphamvu ndi la mwezi wamawa. Coopsa koposa ndi pulojesiteroni wopaka pakhungu, amene salowa mokwanira kuti achinjirize cibaliro. Mu 2007 madokotala a ku Australia analemba za amai 3 amene anadwala khansa ya m'cibaliro atagwiritsa nchito mahomoni osanganizidwa motere. Palinso timibulu toika pansi pa khungu timene titulutsa mahomoni miyezi ingapo. Tikapitirira muyeso, kuticotsa n'kovuta. Mu 2020 bungwe la akatswiri la National Academies ku America linapenda umboni wonse, nilinena kuti sunali wokwanira kusonyeza kuti misanganizo imeneyi iri bwino kapena kuti igwira nchito, ndipo linalangiza kuti iperekedwe kwa okhawo amene thupi lao likana kanthu kena ka m'mankhwala ololezedwa, kapena amene afunika mtundu wosapezeka mwa ololezedwawo. Akulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ponena za mafuta ochedwa a cilazi ca kuthengo, ticenjere nawo kwambiri. Kusandutsa cilazi kukhala pulojesiteroni kucitika m'fakitale, ndipo thupi la munthu silingathe kucita zimenezo. Kupaka cilazi kapena kudya mpama sikupatsa mai pulojesiteroni ngakhale pang'ono.

Wina adzati: zonsezi n'za anthu a m'tauni, ife kiliniki iri kutali, ndipo mankhwala amenewa kumeneko kulibe. Pali coona m'mau amenewa. Mahomoni oyesedwa apezeka makamaka m'masitolo a mankhwala a m'mizinda, ndi kalata ya dokotala, ndipo si ochipa. Koma ndico cifukwa cace wogulitsa wa pa foni ali woopsa kwa mai wa kumudzi kuposa wa ku Lusaka: afika kumene dokotala sanafike, ndipo sapima kanthu. Kupita ku kiliniki kuli ndi phindu ngakhale mankhwalawo kulibe. Thukuta la usiku likhoza kukhala cifuwa ca TB, makamaka ngati mai akutsokomola ndi kuonda. Kutentha thupi kukhoza kukhala malungo. Kulumpha miyezi ikhoza kukhala mimba. Ndipo magazi alionse amene aoneka mai atasiya kale kusamba caka cathunthu, kapena otuluka pambuyo pokhala malo amodzi, ayenera kupimidwa msanga, pakuti khansa ya khomo la cibaliro ndiyo khansa imene igwira amai ambiri m'Zambia muno. Kupima khomo la cibaliro kucitika m'zipatala za boma kuyambira mu 2006. Mai amene aphimba zizindikiro zotere ndi botolo logula pa foni ataya miyezi imene ikanapulumutsa moyo wake.

Tinenenso kuti ngakhale mahomoni oyesedwa si a aliyense. Mai amene anadwalapo khansa ya m'mawere, kuundana kwa magazi, kufa ziwalo, matenda a mtima kapena a ciwindi, kapena amene akutaya magazi osadziwika cifukwa cake, asayambe popanda kuonana ndi dokotala, ndipo kawirikawiri adzauzidwa kuti asamwe. Wa BP ayambe waitsitsa. Amene akumwa ma ARV kapena mankhwala a TB auze dokotala, pakuti ena mwa iwo acepetsa mphamvu ya mahomoni. Mahomoniwa si njira ya kulera. Amene sanasiyiretu kusamba apitirize kulera. Kwa amene sangalandire mahomoni pali mankhwala ena ocepetsa kutentha, amene dokotala angasankhe. Ndipo kwa onse, kapenta wodyera pamodzi ndi minga yake, mkaka, ndiwo za masamba, kuyenda ndi kugwira nchito zilimbitsa mafupa, pamene fodya ndi kacasu ziwafooketsa.

Pali nchito ya aliyense pa nkhani imeneyi. Unduna wa za Umoyo waphunzitsa anamwino athu bwino za sikelo ya amai apakati, za ana ndi za kulera. Tipempha kuti uwaphunzitsenso za mai wa zaka 50, ndi kuganizira zoika estradiol ndi pulojesiteroni woyesedwa m'zipatala za m'maboma monga Chipata, Katete, Petauke ndi Lundazi, kuti wa kumudzi asakhale womalizira. Bungwe la Zambia Medicines Regulatory Authority, limene lipatsidwa mphamvu ndi lamulo la mu 2013 kuloleza mankhwala ogulitsidwa m'dziko muno, liyang'anitsitse otsatsa a pa mafoni. Alangizi, amene aphunzitsa namwali za kusamba kwake koyamba, aphunzitsenso amai anzao za kusamba kotsiriza, ndi kuthetsa cikhulupiriro cakuti mai wosiya kusamba akakhala ndi mwamuna wake adzatupa mimba, pakuti sicoona. Inunso abambo, mkazi wanu akamataya cofunda usiku wa mu June kapena akamakana cifukwa ca kuwawa, si mwano ndiponso si kuti wapeza wina. M'perekezeni ku cipatala.

Ndipo inu amai, wamva m'mimba ndiye atsegula citseko. Musacite manyazi kuuza namwino zimene mukumva. Wina akakuonetsani botolo nati ndi lacilengedwe, mufunseni mafunso atatu: Analipanga ndani? Kodi boma linaliloleza? Nanga ndi dokotala uti amene wandipima n'kunena kuti ndi loyenera ine? Akalephera kuyankha limodzi la mafunso amenewa, mangani ndalama zanu pa citenje, mukwerere nazo galimoto yopita ku cipatala.